Maphunziro amasinthiranji? Ulendo wa lamulo kuchoka ku unduna kukafika pa bolodi la m'chigwa cha Shire

Taganizani za kholo la ku Ngabu limene lidalemba mayeso a JCE m'zaka za m'ma 1990. Mwana wake woyamba adafika folomu 2 mu 2018 ndipo sadalembe mayesowo, poti boma lidali litawathetsa. Mng'ono wake atafika folomu yomweyo mu 2022 adawapeza abwerera, bambo n'kuyambanso kusaka ndalama ya mayeso. Banja ndi limodzi, sukulu ndi yomweyo, koma malamulo atatu. N'chifukwa chake ambiri akamva pa wailesi kuti unduna wasintha chakuti, amangoti akuluakulu ayambanso masewera awo.

Komatu mawu akuti "kusintha maphunziro" amabisa zinthu zingapo zosiyana: mwini sukulu, kutalika kwa makwerero, wolipira, zophunzitsidwa, chiyankhulo, ngakhale mwezi wotsegulira. Chilichonse chili ndi mbiri yake ndi liwiro lake, ndipo chisokonezo chimabwera china chikathamanga pamene chinzake chikukwawa.

Mwini sukulu ndani?

Sukulu za dziko lino sizidayambe ndi boma. Amishoni a UMCA adafika ku Magomero mu 1861, ndipo zinthu zitawavuta kumeneko adatsikira kwa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa, mu 1862, chaka chimene mtsogoleri wawo, Bishopu Mackenzie, adamwalira cha kumene Ruo amathira mu Shire. Sadakhalitse. Sukulu zokhazikika zidayamba ndi a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 ndi a Blantyre Mission mu 1876, kenaka a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889. Kuchigwa kuno, malungo ndi kutentha zidapangitsa amishoni ambiri kungodutsa n'kukamanga kumtunda. A South Africa General Mission atabwera ku Nsanje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nawonso adasankha mapiri a Lulwe ndi Chididi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigwachi chidayambira mpikisano chili kale m'mbuyo.

Mpingo uliwonse unkaphunzitsa zake, m'njira yake. Boma la atsamunda lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patapita zaka ziwiri kuchokera pamene kagulu kofufuza za maphunziro ka Phelps-Stokes kadayendera sukulu za kuno. Sekondale zidachedwa kwambiri: Blantyre Secondary ndi Zomba Catholic zidatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ya Dedza mu 1951. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidakokera mphamvu zonse kulikulu. Kuyambira 1998, lamulo la maboma aang'ono lidayamba kubweza zina mwa mphamvuzo ku makhonsolo.

Lero sukulu ya pulaimale ili ngati ng'ombe yoweta anthu ambiri. Malo ndi dzina zikhoza kukhala za mpingo. Malipiro a aphunzitsi amachokera ku boma kudzera ku khonsolo. Silabasi imalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso ndi a MANEB ku Zomba, woyendera sukulu ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulaimale a m'zoni, ndipo njerwa amaumba ndi makolo kudzera m'komiti ya sukulu. Sekondale za Chikwawa ndi Nsanje zimayang'aniridwa ndi South West Education Division, imene ofesi yake ili ku Blantyre. Denga likasasuka ndi mphepo, aliyense mwa awa amatha kuloza mnzake, ndipo aliyense amakhala akunena zoona pang'ono. Mkangano ulipobe: ena amati khonsolo ipatsidwe mphamvu zonse ndi ndalama zake, ena amaopa kuti maboma osauka adzatsalira kwambiri likulu likachotsa dzanja.

Makwerero ndi mayeso

Manambala a 8-4-4 amatanthauza zaka 8 ku pulaimale, 4 ku sekondale, 4 ku yunivesite. Sizidakhale choncho chiyambire. Agogo ena amakumbukira Sub A ndi Sub B asanalowe sitandade 1. Pa makwerero amenewa pali zipata zitatu: PSLCE mu sitandade 8, JCE mu folomu 2, ndi MSCE mu folomu 4. MANEB, imene imayendetsa mayesowa, idakhazikitsidwa mu 1987.

Apa pali chinthu chimene makolo ambiri amasokoneza: kukhoza ndi kusankhidwa si chinthu chimodzi. Mayeso a sitandade 8 ali ngati bwato la padoko. Anthu 40 akhoza kufika ndi ndalama yawo m'manja, koma ngati bwato limanyamula 15, enawo atsala pagombe, osati chifukwa cholephera kulipira. Mwana amene wakhoza koma dzina lake silidatuluke sadalephere. Malo ndiwo adatha. Osankhidwawo amagawidwa motsata malikisi: ochepa kwambiri ku sekondale za dziko lonse, ena ku sekondale za m'boma lawo, ndipo unyinji ku ma CDSS.

Ma CDSS ali ndi mbiri yawoyawo. Adayamba ngati malo a maphunziro a m'makalata, aja anthu ankangowatchula kuti MCDE, kumene otsala pa chisankho ankadziwerengera mothandizidwa ndi aphunzitsi a pulaimale. Mu 1998 boma lidawasandutsa sekondale zoyendera. Chikwangwani chidasintha tsiku limodzi, koma labotale, laibulale ndi aphunzitsi a madipuloma zidatenga zaka, ndipo kwina sizidafikebe. Mwana wa pa CDSS amalemba pepala la MSCE lofanana ndi la mnzake wa pa sukulu yogonera yokhala ndi zonse.

Nanga JCE ija? Boma lidalengeza zoithetsa mu 2015, ndipo omaliza adalemba mu 2016. Zifukwa zidali zakuti imadya ndalama zambiri, komanso satifiketi yake idasiya kupezetsa ntchito. Mu 2020 lidalengeza kuti ibwerera, ndipo ana adalembanso mu 2021. Oikonda ankati popanda mayeso apakati ana amatayirira, mavuto awo n'kudzaonekera mu folomu 4 madzi atafika kale m'khosi. Mbali zonse zili ndi mfundo, chifukwa mayeso amagwira ntchito ziwiri zosagwirizana: kuyeza zimene mwana waphunzira, ndi kupungula chiwerengero cha opita patsogolo. Mkangano wa kota, njira yogawa malo a ku yunivesite motsata maboma, udali wa mtundu womwewu. Idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti lidaikana mu 1993, idabwereranso mu 2009, n'kuthetsedwa mu 2020.

Ulere wa 1994

Palibe kusintha kumene kudagwedeza sukulu zathu kuposa uku. Boma la Bakili Muluzi litangolowa mu 1994 lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo yunifomu idasiya kukhala yokakamiza. Ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mabanja amene sadayambe atumizapo mwana kusukulu, makamaka wamkazi, adatumiza.

Walira mvula walira matope. Alimi a pa sikimu ya mpunga ku Muona kapena ku Nkhate amadziwa chimene chimachitika ukatsegula geti la madzi ngalande zisanakonzedwe: madzi amafika ndithu, koma amasefukira pena, pena osafika. Kuti ana onsewo apeze woimirira kutsogolo kwawo, boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzira ntchito, ambiri a JCE, n'kuwaphunzitsa masabata ochepa chabe. Pulogalamu ya MIITEP, imene idayamba mu 1997, idabwera kudzawasula ali kale pa ntchito. Patapita zaka kudadza IPTE, ya chaka chimodzi ku koleji ndi chaka china pa sukulu.

Masamu ake ndi osavuta. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Sukulu ikalandira ana 600 owonjezera, ikufunika aphunzitsi 10, zipinda 10, zimbudzi, mjigo, ndi nyumba zoti aphunzitsiwo azigonamo. Kulembetsa ana 600 ndi ntchito ya sabata imodzi. Kusula mphunzitsi ndi zaka ziwiri, ndipo akatuluka ku koleji amadikira kuti boma lipeze ndalama yomulembera ntchito. Akalembedwa n'kutumizidwa kutsidya kwa Shire, ku East Bank, kapena kumapiri a Chapananga kumene kulibe nyumba, magetsi ngakhale chipatala chapafupi, amayamba kufunafuna transifa asanamasule katundu. Ndalama ya aphunzitsi a kumidzi idaikidwa kuti ithetse zimenezi, koma imafooka mitengo ya zinthu ikakwera. N'chifukwa chake chiwerengero cha boma lonse chimanyenga: sukulu za pa Nchalo kapena m'mbali mwa msewu wa M1 zikhoza kukhala ndi aphunzitsi okwanira, pamene ina ya makilomita 30 kuchoka pa tala ili ndi anayi pa makalasi 8.

Zotsatira zake zimaoneka mu sitandade 1. Ana oposa 100 akhala pansi pa mtengo, bolodi latsamira pa thunthu. Ikamakwana 10 koloko mu Okutobala mthunzi wasuntha, kalasi yonse n'kusamuka nawo. Mphunzitsi akalemba "a e i o u", a kutsogolo amaona, a kumbuyo amangoyimba zimene amva. Akati achonge makope, mphindi imodzi pa mwana, nthawi ya phunziro yatha asanafike theka. Chaka chikatha ambiri amabwereza, n'kukumana ndi atsopano, kalasi n'kutupa kuposa kale. Ichi n'chifukwa chake sukulu zambiri zimaoneka ngati chulu: pansi potakata, sitandade 8 kansonga.

Ndipo ulere sudathetse kulipira konse. Kudatsala thumba la chitukuko, ndalama ya mlonda, ya lipoti, ya mayeso oyeserera. Lamulo la maphunziro la 2013, limene lidalowa m'malo mwa la 1962, limati pulaimale ndi yokakamiza, koma mwana akakhala ku ganyu kapena koweta mbuzi, kawirikawiri womulondola ndi amfumu ndi amayi a mother group, osati lamulo. Funso limene akatswiri amatsutsanabe ndi lakuti: kodi kukadakhala bwino kuchotsa fizi pang'onopang'ono, kalasi imodzi chaka chilichonse, kapena kudikira koteroko kukadatsekera kunja m'badwo wathunthu? Funso lomweli limadzuka nthawi iliyonse ikamveka nkhani yochotsa fizi ku sekondale.

Silabasi: unyolo wa mphete zambiri

Silabasi ndi ndondomeko ya zimene mwana ayenera kudziwa ndi kutha kuchita pa kalasi iliyonse. Kuisintha kuli ndi masitepe odziwika. Akatswiri amafufuza zosowa, amalemba silabasi, amalemba buku la mwana ndi la mphunzitsi, amaziyesa m'sukulu zochepa, amasindikiza, amaphunzitsa aphunzitsi, kenaka MANEB imasintha mafunso. Silabasi yatsopano siilowa m'makalasi onse tsiku limodzi, imakwera pang'onopang'ono, ndipo mwana woyamba nayo mu sitandade 1 amakafika pa mayeso patatha zaka 8. Boma limakhala zaka 5. Kotero nthawi zambiri woyambitsa sakhala wokolola, ndipo wobwera pambuyo amayamba kukonza chinthu chimene zipatso zake sizidaoneke.

Mlimi wa thonje amvetsa msanga. Mbewu yatsopano ikalengezedwa, ayenera kuilandira mvula isanagwe, apeze mankhwala ndi sipuleya, mlangizi amuonetse kabzalidwe, ndipo wogula avomere thonjelo. Chimodzi chikasowa, mbewu yabwino ija imanyozedwa popanda mlandu. Ndipo mlimi amalima chimene wogula akufuna. M'sukulu, wogula ndi mayeso.

Chitsanzo ndi PCAR, silabasi ya pulaimale imene idayamba mu sitandade 1 mu 2007. Idati mwana ndiye akhale pakati pa phunziro: ntchito za m'magulu, kukambirana, ndi kuyesa mwana aliyense mosalekeza m'malo modikira mayeso a kumapeto. Pa pepala palibe cholakwika. Koma kugawa ana 120 m'magulu a anthu asanu ndiko kupanga magulu 24 oyang'aniridwa ndi munthu mmodzi, ndipo kulemba kakhozedwe ka mwana aliyense pa phunziro lililonse kumafuna mapepala ndi maola amene mphunzitsi alibe. Poti PSLCE idakhalabe ya kukumbukira mayankho, a sitandade 8 adapitiriza kulembetsa manotsi ndi kubwereza mapepala akale. Ku sekondale nako, silabasi itasintha cha m'ma 2015 n'kugawa Physical Science kukhala Physics ndi Chemistry, sukulu yopanda labotale idangopeza maphunziro awiri ojambula pa bolodi m'malo mwa limodzi.

Mphete imene imaduka kawirikawiri ndi yophunzitsa aphunzitsi. Njira yake ndi yopatsirana: akatswiri ochepa amaphunzitsa a m'maboma, awa aphunzitsa ma PEA, ma PEA aitana aphunzitsi ku TDC, malo osulira aphunzitsi a m'zoni, kwa masiku angapo pa holide. Zimene zidatenga miyezi ku Domasi zimafika kwa mphunzitsi ngati uthenga wodutsa pakamwa pa anthu anayi. Kenaka mabuku. Amatha kufika ku ofesi ya boma n'kukhala komweko chifukwa galimoto ilibe mafuta kapena msewu wa Thabwa kupita ku Fatima waduka. Ndipo akafika, ahedi ena amawatsekera m'kabati poopa kuti ang'ambika ndipo mabuku ena sabwera msanga. Mantha amenewa sitingawaseke.

Chiyankhulo cha m'kalasi

Pali kusiyana pakati pa chiyankhulo ngati phunziro ndi chiyankhulo chophunzitsira masamu ndi sayansi. Mu 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko, n'kumagwiritsidwa ntchito pophunzitsa sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi kuyambira sitandade 5. Mu 1996 unduna udalamula kuti makalasi oyambawo aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kuderalo, koma mabuku a ziyankhulo zinazo sadatsatire mokwanira. Lamulo la 2013 lidati chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 kudalengezedwa kuti chiyambire sitandade 1. Mu 2016 kudayamba pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, ya Chichewa ndi Chingerezi.

Kuchigwa nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mwana wa Chimang'anja savutika kwambiri ndi Chichewa cha m'buku. Koma wa ku Tengani kapena ku Ndamera amene kwawo amati "pinthu", "kulonga", "ninji" ndi "takhuta" amapeza buku likuti zinthu, kulankhula, chiyani ndi zikomo. Ziyankhulozi ndi zapachibale, kotero amazolowera, komabe amawoloka mitsinje iwiri pamene mnzake wa ku Dedza awoloka umodzi: Chisena kupita ku Chichewa, Chichewa kupita ku Chingerezi. M'kalasi mwenimweni mphunzitsi amachita chimene chingatheke. Amawerenga chiganizo m'Chingerezi, amachimasulira m'Chichewa, ndipo nkhope zikakhalabe zozizwa amaponyapo liwu la Chisena ngati akulidziwa. Pa mayeso palibe womasulira.

Ofufuza ambiri amati mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chiyankhulo chimene amachimva. Makolo ambiri amayankha kuti popanda kukhoza Chingerezi palibe satifiketi ya MSCE, ndipo ana a pa sukulu zolipira amachiyamba ku mkaka. Onse sakunama.

Kalendala ndi madzi

Padali nthawi imene chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, ndipo cha m'ma 2010 chidabwerera ku Seputembala. Kwa anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa izi zikutanthauza kuti teremu yoyamba imagwa m'chilimwe chotentha kwambiri, yachiwiri m'nyengo ya madzi osefukira ndi njala, ndipo mayeso a sitandade 8 amabwera madziwo atangophwa. Madzi adasefukira mu Januwale 2015, pamene Ruo adasintha njira n'kudula dera la Makhanga; mu Malichi 2019 ndi mvula ya namondwe Idai; mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana; mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy. Pakatipo, sukulu zonse za dziko lino zidatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19.

Madzi amaononga sukulu m'njira ziwiri. Ya kudambo imamira: matope m'zipinda, zimbudzi zogumuka, mabuku oyanikidwa pa dzuwa tsamba ndi tsamba, ena atamatirirana ngati chikondamoyo. Ya pamtunda imasanduka msasa, mabanja n'kugona m'makalasi kwa masabata, ana a pasukulupo n'kubwerera pansi pa mitengo. Silabasi idawerengedwa pa masabata a chaka chathunthu, ndipo siichotsera mwana wa ku Bangula masabata amene adataya. Phala la kusukulu, limene WFP idayamba mu 1999 ndi Mary's Meals mu 2002, limakoka ana m'miyezi imene mabanja ena akudya nyika, koma silibweza maphunziro odumphidwa.

Zimene sizidayankhidwe

Tsopano kukumveka nkhani yosiya 8-4-4 n'kutsata 1-6-6-3: chaka chimodzi chokonzekera, zaka 6 ku pulaimale, 6 ku sekondale, 3 ku yunivesite. Oikonda amati mwana adzalowa sitandade 1 atazolowera kale pensulo, ndipo maphunziro a luso la manja adzapeza malo. Koma ngati pulaimale ithera pa zaka 6, ana amene lero ali mu sitandade 7 ndi 8 adzafuna malo ku sekondale, kumene bwato ndi lochepa kale. Kodi zipinda zawo zidzamangidwa pa ma CDSS, kapena adzatsala pa pulaimale pomwepo dzina lokha litasintha? Adzawaphunzitsa ndani, wa satifiketi ya pulaimale kapena wa dipuloma? Nanga osasankhidwa, adzabwerera kumudzi ali ndi zaka 12?

Kalasi yokonzekera nayo ifuna chipinda ndi mphunzitsi pa sukulu iliyonse, kuphatikizapo zija za aphunzitsi anayi. Za chiyankhulo, sizikudziwika ngati Chisena chidzalowa m'buku la mwana kapena chidzangokhalabe m'kamwa mwa mphunzitsi. Ndipo pali funso la kuchigwa kuno limene silabasi singayankhe: sukulu imene yamira katatu m'zaka khumi imangidwenso pomwepo, pafupi ndi madimba amene amadyetsa makolo, kapena isamukire kumtunda kumene mwana wa zaka 6 sangafike wapansi?